Ndinachonga Kabokosi ka Mwana wa Mlongo Wanga

Ndinabadwira m'komboni ya pa famu ina ya fodya ku Wedza, m'nyumba yopanikiza moti wofuna kuyasamula ankayamba watuluka panja. Zimenezi n'zoona, ndipo mboni zilipo, kungoti zambiri zinamwalira. Makolo athu anachokera ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito ya fodya. Ife ana awo tinatsala pakatikati ngati mtengo wa m'malire: ku Malawi sitikudziwako, kuno amatifunsabe kuti tinyamuka liti.

Nthawi ya mzungu ndinali kalaliki. Ndinkalemba makalata, kuyankha foni, ndi kukalipiridwa m'Chingerezi, ndipo Chingerezi changa ndinachiphunzirira m'kukalipiridwamo. Famu italandidwa kwa mzunguyo n'kugawidwa, ukalaliki unathera pomwepo. Masiku ano ndimachita maricho, ganyu tinene, kwa alimi atsopano, makamaka yosonkhezera moto m'mabalani owotcheramo fodya.

Koma nkhaniyi si yanga kwenikweni, ndipo vuto lonse linali lomweli, kuti ndinachedwa kuzindikira kuti si yanga. Ndi ya muphwa wanga, mwana wachisamba wa mlongo wanga, mayi wa ana awiri amene amasankha fodya m'shedi. Anagwirako ntchito ku Marondera m'sitolo yojambula mapepala, ndipo anabwerako ndi laputopu yakale kwambiri, yoti ikayaka inkayamba yafunsa ngati nkhondo inatha. Chopemerera mphepo cha m'kati mwake chinkalira ngati chigayo. Ndikulumbira, nkhuku za m'komboni zinkasonkhana pakhomo kudikira madeya.

Pa chinthu chimenechi anadziphunzitsa yekha kulemba khodi, ndiko kuti mizere ya malamulo imene kompyuta imamvera. Atatha anayamba kuphunzitsa ine. Tinkakhala pa khonde Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, sola ili padenga, iye akulemba, ine ndikulakwitsa.

"Sekuru, zala zanuzo n'zolimira kapena n'zolembera?"

"Zala zimenezi zinakusintha matewera, iwe. Uzilemekeze."

Akamandiseka ankanditchula sekuru, monga anzathu a Chishona amatchulira malume, ine n'kumati muzukuru, ndiko kuti muphwa. Ikakhala nkhani yeniyeni ankati malume.

Ndi iye amene anandisonyeza gulu lina la pa intaneti la anthu a m'mayiko osiyanasiyana, amene amalembera pamodzi pulogalamu yothandiza alimi ang'onoang'ono. Khodi yake ili poyera. Aliyense atha kuiwerenga, kuitenga, kapena kuwonjezerapo yake. Ndinati, "Aa, ndiye ndi dima limeneli, kungoti mowa palibe." Ndinalembetsa dzina. Ntchito yanga inali yaing'ono, yomasulira mawu a pa mabatani m'Chichewa ndi m'Chishona, nthawi zina kukonza timizere tiwiri. Koma ndikatumiza iwo n'kulandira, ndinkayenda m'komboni ngati munthu woti wangotsika ndege. Muphwa wanga sanalembetse. Ankati ayamba waona kaye mmene anthuwo amakhalirana.

Iye anali ndi pulogalamu yake imene ankalemba mwakachetechete. Fodya akalowa m'balani amafuna moto wokwera pang'onopang'ono kwa masiku angapo: tsamba liyambe lachita chikasu, kenako liume, pomaliza uume mtsempha wapakati. Ukafulumira, lauma lobiriwira. Ukachedwa, lada ngati mphika. Madala a m'mabalani, otsala a nthawi ya makolo athu, amadziwa zonsezi ndi tsaya ndi mphuno. Wina mwa iwo ankangotsegula chitseko, kununkhiza, n'kukuuza ngakhale mtundu wa nkhuni ndi tchalitchi cha amene anazidula. Muphwa wanga anakhala nawo nyengo ziwiri, akufunsa, akulemba m'kope. Kuchokera m'kopemo anapanga pulogalamu ya pa foni. Ukalembamo zimene choyezera kutentha chikunena ndi mmene tsamba likuonekera, imakuuza kuti onjeza nkhuni, tsegula mazenera, kapena khala pansi udikire.

Ndinkamuuza kuti aipereke ku gulu lija. Iye ankangoti, "Sinapse, sekuru." Mwezi wotsatira, sinapse. Ndinamuuza kuti ngakhale mwala ukanakhala utapsa.

Kenako apongozi ake anadwala ku Mutorashanga, ndipo anapita kukawadwazika. Laputopu anaisiya kwa ine chifukwa kumeneko kuli fumbi la migodi. Anati, "Mundisungire, malume." Mawu ake anali amenewo, sindiwonjezera.

Ndinaisunga masabata awiri. Sabata yachitatu, Lamlungu masana, ndinainyamula kupita nayo pa chulu chimene chili kuseri kwa mabalani, pamene pokha netiweki imagwira. Chuluchi chasalazidwa ndi mapazi a anthu oimba foni moti chiswe chinasamuka n'kutisiyira. Ndinakhala pamenepo, ndinalowa ku gulu lija ndi dzina langa, ndinakweza khodi yonse ya muphwa wanga. Ndinkafuna kuti akamabwera apeze zatheka, asangalale. Mulungu akundiona, kuba sikunali m'mutu mwanga.

Usanatumize chinthu chachikulu ku gulu limenelo, pamabwera tsamba loti uvomere. Limanena kuti zimene ukuperekazo aliyense adzakhala womasuka kuzigwiritsa ntchito mmene afunira. M'munsi mwake muli kabokosi, ndipo pambali pake analemba kuti: ndikutsimikiza kuti ntchitoyi ndinailemba ndine, kapena kuti mwiniwake wandipatsa chilolezo choipereka.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaima, ndinaganiza. Ayi. Ndinachonga ngati ndikupha udzudzu.

Kwathu kwa Achewa malume ndiye mwini mbumba. Ana a mlongo wako ndi ako kuposa ana obereka wekha. Tinasiya zambiri pa msewu wochokera ku Dedza, koma chimenechi tinafika nacho chathunthu, mwina chifukwa chinalibe kulemera. Ine pamene ndinkayamba ntchito pa famu, malume anga ndiwo anadinda chala pa pepala la mzungu. Sanandifunse, ndipo ndinakawathokoza ndi nkhuku. Muphwa wangayu atafuna kulowa sukulu, kwa ahedi ndinapita ndine. Atapeza mwamuna, nkhoswe ndinali ine, ndipo mawu oti tavomera anatuluka pakamwa panga. Ndiye kabokosi kakang'ono kandifunse ngati ndili ndi chilolezo? Ndinaona ngati akufunsa nsomba ngati ili ndi chilolezo choti inyowe.

Patapita masiku angapo analandira. Anayamikira kwambiri, wina mpaka anaika tizithunzi ta manja akuwomba. Ndinaona kuti pambali pa mzere uliwonse panalembedwa dzina langa, poti malo amenewo amalemba dzina la amene watumiza. Ndinati zazing'ono zimenezo, dzina la malume ndi denga la mbumba yonse.

Tsiku lobwera muphwa wanga ndinakamuchingamira pa msewu waukulu. Anatsika kombi ndi chikwama ndi thumba la mbatata, wotopa, fumbi mpaka m'nsidze. Sindinadikire ngakhale kufunsa za odwala.

"Muzukuru, pulogalamu yako yakwera ndege!"

"Iti, sekuru?"

"Ya mabalani ija. Panopa ikudya ndi anthu a kunja, ndi foloko."

Anatsitsa thumba la mbatata pansi.

"Mwaitumiza?"

"Ndatumiza, ndipo alandira ndi manja awiri."

"Sanakufunseni za chilolezo?"

"Anafunsa. Ndinapereka."

"Cha ndani?"

"Changa. Kodi ndine malume ako kapena ndine chitsa?"

Akanakalipa, bwenzi nkhaniyi ndikuisimba pa mowa anthu akuseka. Sanakalipe. Anasenzanso thumba lake, anakana kuti ndimuthandize, ndipo tinayenda mpaka ku komboni ine ndikumva mbatata zikukhudzana m'thumbamo.

Mawa lake anatenga laputopu, ine ndikutsatira m'mbuyo ngati galu woti wadya mazira, mpaka pa chulu. Anatsegula tsamba lija n'kuyamba kutsitsa mizere. Dzina langa, dzina langa, dzina langa. Anaima pa malo ena n'kuloza.

"Apa mukupaona, malume? Kukagwa mvula masiku atatu, apa imanama. Imati tseka mazenera pamene uyenera kutsegula. Munthu akaimvera, balani yonse ivunda. Ndimati sinapse chifukwa cha apa."

Ndinati timenepo n'tokonza, awauze akonze.

"Komanso laisensi yawoyi sindinaifune. Yawoyi imalola kampani kutenga, kutsekera m'bokosi lawo, osabweza kanthu. Ine ndinkafuna ija yoti wosintha aliyense aikenso poyera zimene wasinthazo. Madala aja anandiuza nzeru zawo chifukwa ndinawalonjeza kuti sizipita mmene zinapitira zakale zija, zimene analemera nazo eni mafamu iwo osapeza kanthu."



Anatseka laputopu. "Nyumba timagonayi si yathu. Munda si wathu. Chitupa cha unzika ndinachipeza ndili ndi mwana kumbuyo. Chinthu chimodzi chokha ndinapanga ndekha, kuyambira pa mzere woyamba, ndipo ndinkafuna ndione dzina langa pamenepo, nditaliika ndekha, tsiku limene ndafuna ine. Chimenechonso mwandilankhulira."

Tsiku lomwelo analembetsa ku gulu lija n'kuwalembera kuti khodiyo ndi yake ndipo sanavomere. Mayi wina amene amayang'anira zolowa m'gulumo anandilembera imelo yaulemu, kufunsa kuti zinayenda bwanji.

Ndinamuyankha ndi kalata yaitali. Ndinafotokoza za mbumba, za unkhoswe, za chala cha malume anga pa pepala la mzungu, mpaka za nkhuku. Kalatayo inali yaitali moti ikutumizidwa ndinameta ndevu kawiri. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti akangomvetsa mwambo wathu apepesa.

Yankho linabwera la mizere inayi. Anathokoza kuti ndamuphunzitsa zimene sankadziwa. Anati koma umwini wa khodi ndi wa amene anailemba, ndipo chilolezo chimachokera kwa iye yekha, kaya wotumizayo ndi malume, mwamuna, kapena bwana. Anati mwiniwakeyo akasaina yekha, akonza maina onse kuti akhale ake. Akakana, khodiyo ichotsedwa. Pomaliza anandifunira tsiku labwino.

Ndinapita kwa mlongo wanga, mayi wake wa mwanayo, ndili ndi chikhulupiriro kuti uyu ndiye andimvetsa, poti tinayamwa bere limodzi ndi mwambo umodzi. Ndinamupeza akutong'ola chimanga. Ndinafotokoza zonse, ndikukometsera pang'ono mbali yanga monga mwa lamulo.

"Achimwene," anatero osadzutsa mutu, "mwana anakusungitsani mbuzi, inu mwaikwatitsa."

"Ndine mwini mbumba. Pa ukwati wake anavomera ndani? Si ine?"

Apa anasiya chimanga n'kundiyang'ana, ndipo anaseka, kuseka kosakoma.

"Inu munavomera pa bwalo. Koma musanatsegule pakamwa, ine ndi azakhali ake tinali titamutengera kuseri kwa khitchini katatu konse, kumufunsa ngati mwamunayo akumufunadi. Akanati ayi, bwenzi titakuuzani kuti mukakane, ndipo mukanakana ndi mawu aakulu omwewo. Za sukulu ija, analira sabata yathunthu kuti akufuna kupita, ndiye ndinakutumani. Inu mumangoona polankhula. Kufunsa tinkafunsa ndife."

"Nanga ine malume atandidindira chala?"

"Amayi anakufunsani muli ku dimba. Munati mukufuna njinga. Mwaiwala?"

Ndinali nditaiwaladi. Zaka zonsezi ndinkadziona ngati mutu wa mbumba, osadziwa kuti ndinali pakamwa pake chabe, ndipo makutu anali kwa akazi. Pa chulu paja panalibe khitchini, panalibe kuseri kwake, panalibe mlongo wanga woti andigwire shati. Ndinangotsala ine ndi kabokosi. Ngakhale mwambo umene ndinalembera mayi woyang'anira uja kalata yonse ija unali kumbali ya mayiyo.

Choncho ndinachita chimene sindinaonepo malume aliyense wa m'komboni mwathu akuchita. Loweruka masana ndinavala jekete, ndinapita kunyumba kwa muphwa wanga, ndinaodira ngati mlendo. Anandipatsa mpando, ine ndinakhala pa njerwa. Ana ake anawatuma kukatunga madzi.

"Ndabwera kudzapempha," ndinatero. "Ndinalakwa. Mukasaina, akonza maina, zonse zikhala zanu."

Aka kanali koyamba kumuitana kuti inu. Anazimva, ndinaona m'maso mwake, ndipo kanthawi kochepa ndinaganiza kuti ndapambana.

"Ayi, malume."

"Ndakhala pa njerwa, mwana iwe. Mawondo angawa akulira ngati chitseko cha balani."

Sanaseke. "Mukanandifunsa isanapite, mwina ndikanakana, mwina ndikanavomera. Sindidziwa, ndipo sindidzadziwanso. Panopa simukupempha chilolezo, mukupempha kuti ndikutsukeni. Ndikasaina lero, ndiye kuti munachita bwino, munangofulumira."

Anandiphikira tiyi. Anandiperekeza mpaka pa mpanda monga mwa ulemu. Ndinabwerera ndi jekete langa pa mkono.

Mayi woyang'anira uja anati atha kuchotsa yekha, koma ndinapempha kuti ndichotse ndine. Pa malo amenewo mizere yochotsedwa imasanduka yofiira. Ndinaiona ikufiira kuyambira pamwamba mpaka pansi, nyengo ziwiri za munthu kukhala pa utsi. Pali mpata wolembapo chifukwa chochotsera. Ndinayesa ziganizo zambiri zokongola, zina zokhala ndi miyambi. Pomaliza ndinalemba kuti ndinalibe chilolezo cha mwiniwake. Zolembedwa kumeneko sizifufutika. Mawu amenewo alipobe pafupi ndi dzina langa, ndipo adzakhalapo ine nditaola.

Sanandithamangitse m'gulumo. Zomasulira zanga anazisunga, poti zimenezo zinalidi zanga. Koma pa khonde paja maphunziro anatha. Palibe amene ananena kuti atha. Lamlungu lina anali ndi zochapa, linzake mwana anali ndi chifuwa, kenako ndinasiya kupita. Timaonana tsiku ndi tsiku. Amandipatsa moni atagwada, amandipatulira ndiwo akapha nkhuku, ana ake amabwera kudzandisesera pakhomo. Ulemu ndimaulandira wochuluka kuposa kale, wochuluka moti ndikanatha kugawirako komboni yonse n'kutsalabe. Zoti zala zanga n'zolimira sanandiuzenso.

Patapita nyengo ina ya fodya, ndikusonkhezera moto pa famu ina yogawidwa, mlimi amene anandilemba ganyuyo anatulutsa foni n'kuyamba kulembamo manambala a choyezera kutentha. Anati, "Mudhara," ndiko kuti mdala, "iyi imadziwa kuposa inu. Anapanga ndi mayi wina wa kuno konkuno." Ndinapempha kuti ndione. Inali yomwe ija, koma yakupsa tsopano. Pa mvula paja panali pokonzedwa. Pa tsamba loyamba panali dzina lake, lonse, ndipo m'munsi mwake anathokoza madala a m'mabalani mmodzimmodzi. Anali ataiika poyera yekha, pa malo akeake, ndi laisensi imene ankaifuna. Mlimiyo anandifunsa chifukwa chimene maso anga afiirira. Ndinati utsi, ndipo mwa zonse ndalemba pano bodza ndi lokhalo.

Laisensiyo ndinaiwerenga yonse, mawu ndi mawu, mpaka timalemba tating'ono timene ngakhale amene anailemba sanawerenge. Imati aliyense atha kutenga pulogalamuyo, kuigwiritsa ntchito, kuisintha, bola zosinthazo aziikenso poyera. Aliyense. Munthu wa ku India, kampani ya ku Harare, mfiti, ndi ine. Ndinaiika m'foni mwanga, ndipo ndimaimvera. Ikati khala pansi udikire, ndimakhala pansi.

M'kuigwiritsa ntchito ndapezamo kena kakang'ono. Balani ikakhala ya njerwa zosawotcha, pulogalamuyo imachedwa pang'ono kunena kuti uchepetse moto. Ndinalemba chokonza chake, mizere iwiri, ndipo ndinaiyesa, ikugwira. Njira yotumizira ili yotseguka kwa munthu aliyense pa dziko lapansi, ndipo ulendo uno kabokosi ndingachonge ndi mtima woyera, poti mizereyo ndi yanga. Palibe lamulo londiletsa. Koma yakhala m'foni mwanga nyengo ziwiri tsopano. Ndikufuna ndiyambe ndamufunsa ngati angailandire, pamaso, ndi pakamwa pangapa. Nyumba yake ili kutsidya kwa mpopi, mtunda woti nkhuku yopunduka imafika isanatope, ndipo sindinafikebe.